Katundu wa ku Milange: muyambe kugulitsa kwa ndani?

Achemwali, mwafunsa kuti poti mpamba ndi wochepa, katundu amene mukaode ku Milange, ku Mozambique, muyambe kugulitsa kwa ndani: masukulu, antchito a m'maesiteti a tiyi, kapena anthu a pamsika.

Yambani ndi opikula ang'onoang'ono olipira pompopompo, amene bizinesi yawo singayende popanda katundu wanuyo: anyamata a chiwaya, amayi a mandasi ndi eni maokala pa Limbuli, pa Chitakale, ku Luchenza kapena ku Bvumbwe. Wa chiwaya mafuta akamuthera sanena kuti mawa, pakuti nkhuni zayaka kale ndipo mbatata zosenda zili m'ndowa. Mukapeza anthu asanu otere, aliyense wotenga chigubu cha malita 5 kapena 20 sabata ndi sabata, mumawoloka malire pa Muloza mukudziwa kale zoti mukagule.

Musanaode kanthu, ayendereni. Afunseni mtundu wa mafuta amene amakonda, chigubu chimawathera masiku angati, ndi mtengo umene akupikulira ku Limbe. Kenaka werengerani zanu: mtengo wogulira, zimene mutaye posintha ndalama, msonkho wa MRA, wa kabaza ndi wa minibasi. Zonsezi zikapitirira mtengo wa ku Limbe, katunduyo musiyeni, ganizirani wina. Lisiti ya msonkho muzisunga m'thumba, pa rodibuloko amaifunsa.

Chokanira ngongole n'chakuti kutsidya mumagula ndi metikali, kuno mumalandira kwacha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama imene ikugona kwa munthu nthawi ngati zimenezo, pobwera siguliranso katundu amene inachotsa.

Masukulu ogonera konko amakopa, chifukwa oda yawo ndi matumba a nyemba a makilogalamu 50, osati timbale. Koma amafuna bizinesi yolembetsa, TPIN (nambala yolipirira msonkho ku MRA) ndi invoisi, ndipo ambiri amalipira ana akapereka fizi. Munthu wa mpamba umodzi angathe mwezi wathunthu ali khale pakhomo, anzake akuwoloka. Nyembazo nazonso mukagula zosauma bwino zimapepuka, pa sikelo ya kusukulu thumba silikwananso 50. Masukuluwa mudzawafune mpamba ukakula moti theka lingathe kudikira.

Antchito a m'maesiteti amagula ndithu, sopo, zitenje, timabotolo ta mafuta, koma mawu awo ndi akuti "lembani, tionana tikalandira". Tiyi amathyoledwa kwambiri nyengo ya mvula, kuyambira cha mu December mpaka April. Chilimwe chikafika, ambiri olembedwa kwa nyengo yokha amaimitsidwa n'kubwerera kwawo, dzina n'kutsala m'kope mwanu. Ngati mukuwafuna, kayaleni katundu tsiku la malipiro lenilenilo, wapatsa ndalama watenga, ndipo kopelo mulisiye kunyumba.