Bwanji zithunzi zanga za Moorish idol zikungotuluka zobiriwira?

Wowerenga wina wanditumizira imelo atabwera kuchokera ku Pemba, ku Mozambique. Akuti anaona nsomba yotchedwa Moorish idol pa matanthwe a korali, anaijambula kambirimbiri, koma zithunzi zonse ndi zobiriwira, zodzaza timadontho toyera, ndipo chooneka bwino ndi mchira wokha. Akufunsa kuti agule kamera yanji.

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Vuto lanu ndi madzi amene anali pakati pa inu ndi nsombayo.

Tiyambe ndi mchira womwewo, poti ndi umene muli nawo. Ngati ndi wakuda, munaonadi Moorish idol, imene asayansi amaitcha Zanclus cornutus. Ngati ndi wachikasu, munajambula bannerfish ya mtundu wa Heniochus, imene imasokoneza ambiri chifukwa nayonso ili ndi mizere yakuda ndi yoyera komanso chipsepse chapamsana chachitali ngati chikwapu. Moorish idol ili ndi mlomo wosongoka wokhala ndi kachigamba kachikasu pamwamba, imakula mpaka masentimita 23, ndipo m'banja lake la Zanclidae ndi yokhayo yotsala ndi moyo. Kwa ine palibe nsomba ya m'makorali yosambira mwaulemu kuposa iyi. Amene amaigula kuti aiwete m'thanki ya galasi amandikwiyitsa, chifukwa chakudya chake chenicheni ndi masiponji ndi tizamoyo tomata pamiyala, ndipo zambiri zikaikidwa m'thanki zimakana kudya n'kufa. Kukongola kwake kumayenera kuonedwa komweko kumene imakhala.

Kadyedwe kameneka ndi komwe kangakuthandizeni. Nsombayi imayenda m'mbali mwa thanthwe, kujompha apa, kusuntha, kujomphanso apo, kawirikawiri ziwiriziwiri. Mukaithamangitsa mwaluza kale, simungaipose liwiro. Yang'anani kumene ikulowera, kafikeni patsogolo pake, khalani phee pang'ono kunsi kwake, ndipo ibwera yokha. Ife amene tinazolowera mbuna za ku Cape Maclear timapusitsika apa. Mbuna zija zimakuunjirira chifukwa anthu anazizoloweza buledi, ndiye munthu amaganiza kuti nsomba zonse ndi zochezeka choncho. Za m'nyanja yamchere sizikudziwani. Komanso madzi amchere amayandamitsa kwambiri kuposa a m'nyanja yathu, choncho ambiri amafunika kuwonjezera mtovu wa makilogalamu awiri kapena atatu pa lamba wowathandiza kumira. Munthu amene akuphiriphitha kuti asayandame sangajambule kanthu, amangovundula mchenga ndi kuthyola makorali ndi zipsepse zovala kumapazi. Ameneyo aphunzire kaye kukhazikika m'madzi, kamera aisiye m'boti. Ndipo ngati muli ndi silinda ya mpweya, musagwire mpweya pofuna kuti dzanja lisanjenjemere. Mukakwera m'mwamba mutaugwira, umafufuma m'mapapo n'kukuvulazani.

Tsopano za mtundu. Madzi amameza kuwala kofiira msanga, moti pofika mamita 5 kufiira kwatsala pang'ono kutheratu, kenako kumatsatira kwa olenji ndi kwachikasu. Izi zimachitikanso chopingasa: kuwala kwa fulashi kumapita kwa nsomba n'kubwerera, ndiye nsomba ikakhala pa mamita awiri, kuwalako kwayenda mamita anayi. Onjezerani apo kuti galasi lakumaso limanamiza, zinthu zimaoneka zazikulu ndi zapafupi kuposa mmene zilili. Mukamaona ngati mwayandikira, simunayandikire. Dikirani mpaka nsombayo ifike mkati mwa mita imodzi.

Timadontho toyerato ndi tizinyalala ta m'madzi timene fulashi yapakamera inawalitsa, chifukwa ili pafupi kwambiri ndi lenzi ndipo kuwala kumabwerera molunjika. Ngati mulibe fulashi yapadera yoika pa mkono wotambasukira pambali, yapakamerayo izimitseni.

Makonzedwe a kamera

Popanda fulashi, khalani m'madzi osaya, osapitirira mamita 5, dzuwa lili pamutu kapena kumbuyo kwanu. Liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) likhale 1/250 ya sekondi, ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) pakati pa 200 ndi 400, ndipo white balance (yolinganiza mitundu) muitchere pa kachikwangwani koyera kapena pamchenga nthawi iliyonse mukasintha kuya. Ngati kamera ili ndi RAW, yosunga chithunzi chosakonzedwa kuti mukachikonze pa kompyuta, gwiritsani ntchito. Ndi fulashi yapadera, yambirani ndi kabowo ka lenzi pa f/8 ndi shutter pa 1/125, mphamvu ya fulashi ili pa theka, chifukwa mizere yoyera ya nsombayi imapsa (kuyera mopitirira) msanga m'chithunzi ndipo ikapsa sikonzeka pa kompyuta. Lozetsani pa diso, ndipo siyani malo okwanira kumbuyo ndi pamwamba kuti chipsepse chachitalicho chisaduke.

Chimene chimapha makamera ambiri ndi kamphira ka O-ring pa chitseko cha bokosi losalowa madzi loikamo kamera. Tsitsi limodzi kapena kamchenga kamodzi n'kokwanira kulowetsa madzi. Kachotseni, kapukuteni, kapakeni girizi wa silikoni pang'ono kwambiri, ikani m'bokosi kapaketi ka silica gel koyamwa chinyezi kuti galasi lisachite nthunzi, litsekeni muli pamalo ouma, kenako liviikeni m'ndowa musanakwere boti. Mukatuluka, linyikeni m'madzi opanda mchere n'kumadina mabatani onse mchere usanaume.