Kodi makina amaona zimene dokotala wa mankhwala achitchaina amamva pamkono?

Achemwali, mwati amalume anu anagwidwa pamkono ndi dokotala wa mankhwala achitchaina, nkuuzidwa kuti impso zawo zafooka, ndiye mukufuna kudziwa ngati asayansi anayezapo njira imeneyi ndi makina. Anayezadi, mpaka pano akuyezabe. Koma makinawo amatsimikiza zina, zina ayi, ndipo za impsozi zili m'gulu lachiwirili.

Madokotala amenewa amaika zala zitatu pa mtsempha wodutsa m'munsi mwa chala chachikulu, pamene timavala wotchi paja. Malo atatuwo amawatcha cun, guan ndi chi, ndipo paliponse amayamba kukhudza pamwamba, kenako nkudinikiza pang'ono, kenako kwambiri. Amati kudzanja lamanzere kumamveka mtima, chiwindi ndi impso, kulamanja mapapo, kapamba ndi impso. Wang Shuhe analemba mitundu 24 ya kagundidwe m'buku lake la Mai Jing m'zaka za m'ma 200, Li Shizhen anafikitsa pa 27 mu 1564, ndipo lero ambiri amaphunzitsa 28. Wang Shuhe yemweyo anavomereza kuti zimenezi n'zosavuta kuzimvetsa mumtima koma n'zovuta kuzisiyanitsa ndi zala. Nanga kagundidwe kamene amati kamamveka ngati mikanda ikugubuduzika m'mbale, inu mungakalembe bwanji mu manambala? Madokotala awiri akhoza kugwira mkono umodzi nkutchula mayina osiyana, ndipo ofufuza akhala akudandaula nazo zimenezi.

N'chifukwa chake anayamba kupanga makina. Kujambula kugunda kwa mtsempha papepala kunayambira ku Ulaya: Karl von Vierordt anapanga chipangizo chake mu 1854, Étienne-Jules Marey nkupanga china chomangirira pamkono cha m'ma 1860. Ku China anayamba zoterezi m'zaka za m'ma 1950. Makina a masiku ano ali ndi timasensa, tizipangizo tomva kugunda, todinikiza mtsempha mofanana ndi zala, ndipo kompyuta imajambula funde la magazi: kutalika kwake, liwiro, ndi mmene likukwerera ndi kutsika. Ku Shanghai, ku Academia Sinica ku Taiwan ndi ku Korea Institute of Oriental Medicine ku Daejeon agwira ntchito yambiri pa izi. Bungwe la ISO, lokhazikitsa miyezo ya zinthu padziko lonse, linatulutsanso muyezo wa timasensa timeneti mu 2017, wotchedwa ISO 19614. Koma musapusitsidwe ndi otsatsa malonda: muyezowu umanena za kapangidwe ka chipangizo, sunena kuti chipangizocho chimapeza matenda.

Pali mitundu ina imene makina amagwirizana nayo bwinobwino. Kugunda kofulumira ndi kochedwa, uko n'kuwerenga chabe; akale ankawerenga kagundidwe kanayi kapena kasanu pa mpweya umodzi ngati kabwino, achipatala lero amati 60 mpaka 100 pa mphindi. Kugunda kodumphadumpha kumene amati jie ndi dai ndi kumene makina a ECG, ojambula kagundidwe ka mtima kuchipatala, amaonetsa ngati mtima wosagunda mwadongosolo, ndipo limeneli ndi vuto lenileni lofunika chipatala. Kagundidwe kolimba ngati nsambo yokungika, kotchedwa xian, kamapezeka kawirikawiri mwa okalamba ndi odwala BP, chifukwa mitsempha ikauma funde limathamanga kwambiri nkubwerera msanga. Madokotala a mtima nawonso amayeza liwiro la fundeli, ndipo likaposa mamita 10 pa sekondi pakati pa khosi ndi ntchafu amati mitsempha yauma. Apa ine ndimawapatsa ulemu akale aja, zala zawo zinkamva zinthu zenizeni.

Povuta ndi pa mapu a ziwalo aja. Malo atatuwo ali pa mtsempha umodzi, atalikirana ndi chala chimodzi chokha, ndipo magazi odutsa pa cun ndi omwewo adutsa pa chi. Makina amaonadi kusiyana pang'ono pakati pa malowo, koma mtsemphawo penapake uli pamwamba pa fupa, penapake walowa mkati mwa mnofu, ndiye kusiyanako sikodabwitsa. Umboni wolimba woti malo a chi amanena za impso palibe. Komanso "impso" m'chiphunzitso chawo si chiwalo chosefa mkodzo chokha. Amaphatikizamo mphamvu za thupi, msana, makutu ndi za kubereka. Mwina amalume anauzidwa chinthu chosiyana ndi chimene iwo anamva.

Zodziwa ngati mayi ali ndi pakati nazo zinavutapo. Mu 2014 dokotala wina wa mankhwala achizungu ku Beijing analonjeza pa Weibo, tsamba la mchezo la ku China, ndalama zachitchaina zokwana mayuan 50,000 kwa aliyense wodziwa mayi woyembekezera pogwira mkono wokha, nkulondola 80 pa 100 alionse. Amene anavomera poyamba anadzabwerera m'mbuyo, ena nkumati kugwira mkono sikuyenda kokha, kumafunika kuona lilime, nkhope ndi kufunsa wodwala. Mayi wapakati magazi amachulukadi ndi 40 mpaka 50 pa 100 alionse ndipo mtima umafulumira, koma kapepala koyezera mkodzo kamadziwa msanga kuposa zala.

Amalumewo apite kuchipatala akayezetse BP, shuga, mkodzo ndi creatinine m'magazi, imene imasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito. Asayambe kumwa mankhwala azitsamba a impso asanaone zotsatira, chifukwa zitsamba zina zokhala ndi poizoni wotchedwa aristolochic acid zinawononga impso za amayi ambiri ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ngati anapatsidwa kale paketi, aitenge akaonetse dokotala.