Musawaletse mayi kupita kwa a maso ndi a zakudya

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kuti mayi anu odwala shuga azizungulira zipinda ku chipatala chachikulu cha Central, lero kwa a maso, mawa kwa a zakudya, pomwe mankhwala a shuga a metformin akumwa kale tsiku lililonse ndipo ndalama za minibasi zikuvuta. Ine ndikuti musawaletse, aperekezeni ndithu.

Shuga wa mtundu wachiwiri amawononga timitsempha ta magazi pang'onopang'ono, munthu osamva kuwawa paliponse. Amakafika ku maso, ku impso, ku mtima ndi ku mapazi. Adokotala olemba mankhwala, ndi mzere uli panja uja, sangaone zonsezi okha. N'chifukwa chake amagawana ntchito.

Maso ayezedwe kamodzi pa chaka ngakhale akuona bwino. Ku chipatala cha maso cha Lions, pa Central pomwepo, amadontheza mankhwala otsegula maso kuti aone mkati, ndipo pambuyo pake munthu amaona zachimbuuzi kwa maola angapo. Tsiku limenelo asayende okha pamsewu.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapazi. Shuga amachititsa dzanzi, moti mayi akhoza kuponda minga kapena kupsa pa mbaula mu June akuotha moto, osazindikira. Kabala kakang'ono kameneko ndi kamene kamadzafikitsa munthu podulidwa mwendo. Ku kiliniki avule nsapato okha n'kupempha anamwino awaone, asadikire kuuzidwa. Kunyumba muziwayang'ana pakati pa zala madzulo, muziwakutumulira nsapato asanavale, ndipo lezala isayandikire zikhadabo zawo. Bala likaoneka, asadikire tsiku la kiliniki.

Mkodzo ndi magazi ayezetse chaka ndi chaka chifukwa cha impso, BP nthawi iliyonse akapita.

Kwa a zakudya apite ndi amene amaphika pakhomopo. Ndaona mabanja ambiri akuganiza kuti akasintha ufa woyera n'kuyamba mgaiwa basi zatha. Mgaiwa ndi wabwinoko inde, koma mitanda itatu ya mgaiwa imakwezabe shuga. Theka la mbale likhale bonongwe, nkhwani kapena mpiru, kwinako nyemba kapena usipa, nsima yochepa. Thobwa lotsekemera, Sobo ndi tiyi wa masipuni atatu a shuga zisiyidwe. Kuyenda ndawala mphindi 30, masiku 5 pa sabata, kumathandizanso kwambiri.

Ngati adokotala awawonjezera mapiritsi a glibenclamide kapena jakisoni wa insulin, asadumphe chakudya. Akayamba kunjenjemera, thukuta, kulankhula zosokonekera, kapena makina oyezera shuga akaonetsa pansi pa 4 mmol/L, apatseni madzi a shuga msanga ngati akutha kumeza, kenako adye. Akakomoka musawamwetse kanthu, thamangani nawo kuchipatala.

Achipatala onsewa sakhala pansi limodzi kukambirana za mayi anu. Chimene chimawalumikiza ndi buku la kuchipatala lija. Aliyense amene wawaona alembemo, inunso muzilemba shuga wa m'mawa asanadye. Mukapitanso funsani za HbA1c, yomwe imaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi 2 kapena 3 yapitayo. Kwa ambiri cholinga ndi kukhala pansi pa 7%. Za mayendedwe, pemphani anamwino ngati angakuikireni maso ndi labu tsiku limodzi ndi kiliniki ya shuga.