Yankho kwa achimwene pa nkhani ya BP ya amayi

Moni nonse m'gulu muno. Achimwene, uthenga wanu ndaumva m'mawa uja ndili m'minibasi kuchokera ku Area 25, phokoso linali lambiri, ndiye ndati ndidikire ndifike kaye pakhomo. Mwafunsa kuti popeza amayi ayamba kumwa madzi a adyo ndi masamba a cham'mwamba, ndipo akuti mutu wasiya kuwawa, kodi angasiye mapiritsi a BP aja?

Ayi achimwene, chonde asasiye. Ndikupemphani ndithu. Vuto la BP ndi loti nthawi zambiri siipweteka. Munthu amadzimva kuti ali bwinobwino, akusesa, akupita kutchalitchi, pomwe magazi akuthamanga mkati, mitsempha ikutopa, impso zikutopa. Kusiya kwa mutu si umboni ayi. Umboni ndi makina oyezera aja basi. Akamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo, ndiye kuti ikadali yokwera, kaya iwo akumva bwanji.

Adyo sindikumunyoza. Ndi wabwino, ena amawathandizako pang'ono, azithira m'ndiwo. Cham'mwamba nachonso ndi ndiwo yabwino zedi. Koma zimenezi ndi zakudya, zimayenda limodzi ndi mankhwala, sizilowa m'malo mwake.

Ine chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mphika wa amayi. Eee, mukuwadziwa dzanja lawo pa mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kamodzi kosasefukira. Kamodzi kokha, kuyambira m'mawa mpaka usiku, osati pa mphika uliwonse. Ndiye tawerengani: athira m'nyemba, athira m'masamba, aponyamo kachubu kokometsera kaja, komwe mbali yaikulu ndi mchere, kenako patebulo pali kambale kena ka mchere. Timapaketi ta m'soya pisesi namonso ndi mchere. Soseji, poloni, tchipisi cha pachiwaya, chimodzimodzi. Usipa ndi matemba zouma, ngati zili zamchere, aziyamba aviika m'madzi ofunda n'kutaya madziwo, ndipo asawonjezere wina asanalawe.

Palinso soda. Ambiri sadziwa kuti soda wa m'golosale ndi m'bale wake wa mchere, onse ali ndi sodiyamu, yemwe amakweza BP. Komanso amapha mavitamini m'masamba. Therere ndikudziwa, popanda soda amayi sangavomere, ndiye likhale la apo ndi apo, soda wake kadontho chabe. Koma nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, zimenezi zimapsa zokha. Madzi pang'ono, moto wa kanthawi kochepa, tomato, anyezi, nsinjiro. Masamba otendera amakoma ngakhale mchere uchepe. Alamu, poti mumaphika ndinu, muzichepetsa pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi, angakane kudya. Pakatha masabata angapo lilime limazolowera, ine ndinaziona pakhomo panga pano.

Kumsika wa Lizulu kapena wa Tsoka muziwagulirako nthochi, mapeyala, mbatata, mapapaya. Zambiri mwa izi, pamodzi ndi nyemba, zili ndi potaziyamu, amathandiza thupi kutulutsa mchere. Pokhapokha ngati adokotala atanena kuti impso zawo zili ndi vuto, pamenepo tifunse kaye. Nsima ikhale ya mgaiwa kawirikawiri, shuga wa mu tiyi atsike.

Kuyenda nakonso. Mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, zakwana. Dzuwa la Okutobala lino ndi loopsa, aziyenda m'mamawa kapena chakumadzulo, amwe madzi. Kabaza pa kamtunda kakafupi ayi, adzukulu aziwaperekeza wapansi.

China chimene ndatsala pang'ono kuiwala: mawondo aja. Akamawawa amatuma mwana kukagula bulufeni kapena indosidi paokala. Mankhwala amenewo amakweza BP ndipo akamwedwa pafupipafupi amawononga impso. Akauze a kuchipatala za mawondowo, awapatse choyenera.

Tsono achimwene, ndikuganiza kuti pali chifukwa chimene amayi akufunira kusiya, chomwe sakukuuzani inu ana aamuna. Ena mwa mapiritsi a BP amakodzetsa pafupipafupi, ena amatupitsa mapazi, ena amayambitsa kachifuwa kouma. Ngati ndi zimenezo, akanene, mitundu ilipo ingapo ndipo amasintha. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndicheza nawo ndekha ngati mwana wamkazi, andiuza.

Ndipo nonse amene mukumvera, gwirani ichi. Mukadzaona kamwa yapotoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, mawu sakumveka bwino, ndi sitiroko imeneyo. Osawamwetsa chilichonse, osadikira kuti kuche, pezani galimoto muthamangire ku chipatala cha Kamuzu Central nthawi yomweyo.

Loweruka ndibwera ndi makina anga oyezera. Alamu, mundisungire kabuku kawo ka kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala, ngakhale amene anatha, ndione kuti anamwa liti komaliza. Achimwene, mukawaimbira usiku uno musawakalipire, mungowauza kuti amwe la lero.