Musanalembe kalata yofunsira malo, yambani mwakonza masamu

Achimwene, mwanena kuti muli ndi satifiketi ya zamagetsi yochokera ku koleji ya ntchito zamanja, kuti mwakhala mukulumikiza mawaya m'nyumba za anthu kwa zaka zingapo, ndipo mukufunsa ngati n'kwanzeru kubwerera kusukulu kukachita dipuloma kapena digiri ya uinjiniya wa zamagetsi, poti masamu sanakuyendereni bwino pa MSCE. Yankho langa ndi lakuti pitani ndithu, koma mudziwiretu kuti maphunziro amenewa sadzakuwonjezerani luso la m'manja lomwe muli nalo kale. Adzakutsitsani pa makwerero n'kukukhazikani pa tebulo kuti muziwerengera, ndipo amene masamu ake ndi ofooka amayamba kumira chaka choyamba chomwe.

Tiyeni titenge chigayo, chifukwa mwina mwalumikizapo kale. Mwini chigayo wagula mota ya three phase ya 22 kW, ndipo magetsi amene akufika pamalopo ndi a 400 V. Inu monga mmisiri mumadziwa kukula kwa waya woyenera, mumadziwa kumanga star-delta starter (chipangizo choyatsira mota pang'onopang'ono), ndipo mota imalira bwino. Injiniya amafunsidwa funso lina: n'chifukwa chiyani mababu a nyumba zoyandikana amazilala nthawi iliyonse imene chigayocho chikuyatsidwa, nanga thiransifoma ya pamsikapo ipirira chigayo chachiwiri? Kuti ayankhe, amawerengera kuti motayo ikamagaya imakoka pafupifupi ma amp 40, koma ikayatsidwa mwachindunji imatha kukoka ma amp ochuluka kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo kwa masekondi ochepa, ndipo star-delta imatsitsa kukokako kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Kenako amawerengera mphamvu imene ikutayika mu waya kuchokera pa thiransifoma, n'kuona ngati power factor ya malowo (muyezo wa gawo la magetsi okokedwa limene likugwiradi ntchito) ikufunika kukonzedwa ndi ma capacitor. Zonsezi zimachitika pa pepala, waya asanagulidwe n'komwe.

Apa ndi pamene masamu amalowera. Magetsi athu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, choncho voltage ndi current sizingaphatikizidwe monga mmene timaphatikizira ndalama; pamafunika trigonometry ndi ma complex number. Mukafika pa zimene zimachitika switch ikangotsekedwa kapena waya akagundana, mudzakumana ndi calculus, ma differential equation ndi Laplace transform, ndipo phunziro la control systems lonse lagona pamenepo. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Vuto la ambiri ochokera kuntchito si calculus yeniyeniyo, koma algebra ya Fomu 3 ndi Fomu 4 imene anaiwala: kusuntha zilembo mu formula, ma logarithm, ma simultaneous equation. Mphunzitsi wa kukoleji sabwereranso ku zimenezi. Langizo langa ndi lakuti mulembenso masamu ndi physics pa mayeso a MANEB, ndipo ngati mungapeze wokuphunzitsani Additional Mathematics, musaphonye mwayiwo. Kulembanso kudzakuthandizani pawiri, chifukwa masukulu a uinjiniya amafuna ma credit m'maphunziro amenewa pamodzi ndi Chingerezi.

Za kumene mungapite, sukulu yodziwika kwambiri pa uinjiniya wa zamagetsi m'dziko muno ndi MUBAS ku Blantyre, imene tinkaitcha Polytechnic isanapatuke ku University of Malawi mu 2021. Digiri ya uinjiniya kumeneko imatenga zaka zisanu. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi maphunziro a mphamvu zongowonjezereka monga za dzuwa, ngati mtima wanu uli kumeneko. Anthu amene ali ndi dipuloma komanso agwirapo ntchito amatha kulowa kudzera pa mature entry, koma zofunika zake muziwerenge pa chidziwitso cha chaka chimene mukufunsira malo, osati kumva kwa anzanu amene analowa kale.

Ngati mwasankha koleji yomwe si yaboma, funsani kaye ngati pulogalamu yeniyeniyo, osati sukulu yokha, ndi yovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, kapena ndi TEVETA ngati ili ya mbali ya ntchito zamanja. Mukapita kukaona malowo, pemphani kuti akulowetseni mu labu. Muone ngati muli oscilloscope (chipangizo choonetsa mafunde a magetsi) yoyaka, ma mota ndi ma thiransifoma oyesera, ndi makompyuta okhala ndi mapulogalamu monga MATLAB. Koleji imene ikuphunzitsa electrical machines ndi choko chokha ikukugulitsani pepala, ngakhale fizi yake itakhala yotsika motani.

Musasokonezenso mapepala atatu amene anthu amawasakaniza. Chilolezo cholumikiza magetsi m'nyumba chimachokera ku MERA, ndipo digiri siilowa m'malo mwake. Digiri imachokera ku yunivesite. Kulembetsedwa monga injiniya kuli m'manja mwa Malawi Engineering Institution, ndipo womaliza kumene sukulu amayamba wagwira ntchito pansi pa injiniya wolembetsedwa asanaloledwe kusainira mapulani payekha. Choncho pa zaka zisanu zija muwonjezerepo zina.

Kodi ntchito zilipo? Sindingakulonjezeni, koma ndingakuwonetseni kumene nzeru zimenezi zikufunika. Kuyambira mu 2017 ntchito yopanga magetsi ili m'manja mwa EGENCO, pomwe ESCOM inatsala ndi kuwatumiza ndi kuwagawa. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tinaona kuopsa kwake mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW nthawi imodzi. N'chifukwa chake kunabwera magetsi a dzuwa, monga a 60 MW ku Salima ndi a 20 MW okhala ndi mabatire ku Golomoti, komanso ntchito yomanga mzere wa 400 kV wochokera ku Matambo ku Tete kudzafika ku Phombeya ku Balaka. Kulumikiza zinthu zosiyanasiyana chotere pa gridi yaing'ono kumafuna anthu odziwa protection (kuteteza mizere ndi zipangizo pakachitika vuto), power electronics ndi kuwerengera kayendedwe ka mphamvu. Mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa nawonso amadalira anthu odziwa ma PLC (timakompyuta toyendetsa makina) ndi ma variable speed drive (zipangizo zosinthira liwiro la mota).

Ngati muli pabanja ndipo ntchito yanu ndiyo ikudyetsa pakhomo, ine ndingakulangizeni kuyamba ndi dipuloma imene mungaphunzire madzulo kapena kumapeto kwa sabata, chifukwa idzakuwonetsani ngati masamu mukuwatha musanasiye makasitomala anu, ndiponso ndi imene ingadzakutsegulireni khomo la mature entry. Ngati mulibe udindo wotere ndipo mwakonza magiredi a MSCE, pitani ku digiri mwachindunji, ndipo mukapatsidwa malo mufunsire ngongole ku bungwe la HESLGB nthawi yolembera isanatsekedwe.