Kwa achemwali amene afunsa za kuthamanga kwa pa Khrisimasi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti anzanu a kuntchito akulembetsani kuti mukathamange nawo makilomita 5 sabata ya Khrisimasi, posonkhetsa ndalama zothandizira odwala, koma inu chichokereni kusukulu simunathamangepo, ndiye mukuopa kukachita manyazi pagulu. Mwafunsanso ngati ndalama zoterezi zimafikadi kwa eni ake. Ine ndinathamanga nawo chaka chatha pamodzi ndi anzanga anayi a ku Chibavi kuno ku Mzuzu, choncho ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Pitani ndithu. Makilomita 5 si marathoni ya makilomita 42 ayi. Munthu woyenda ndawala, osathamanga n'komwe, mtunda umenewu amaumaliza mu ola limodzi. Ambirife timauyenda osadziwa tsiku limene tasowa ndalama ya njinga ya kabaza, imene kuno timati Sacramento.

Koma musaupeputse Mzuzu. Mzinda uno uli pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo misewu yake ndi ya zitunda ndi zitsetse. Mnzathu wina anali atangosamukira kuno kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo masabata oyamba ankachita befu pa chitunda chimene enafe tinkakwera tikucheza. Ndiye yambani pano, musadikire Disembala. Katatu pa sabata, m'mamawa magalimoto asanachuluke, muzithamanga mphindi imodzi n'kuyenda mphindi ziwiri, kubwereza chomwecho kwa theka la ola. Sabata yachitatu mudzaona kuti kuyenda kuja kwayamba kuchepa kokha. Liwiro labwino ndi limene mungathe kulankhula ndi mnzanu muli kuthamanga. Mawu akayamba kuduka, yendani. Ngati muli ndi BP kapena shuga, kapena pamtima pamakupwetekani mukakwera chitunda, yambani mwapita kuchipatala akakupimeni, ndipo izi musazitenge mwachibwana.

Nsapato musagule zodula. Za pa kaunjika n'zokwanira, bola zikhale ndi mano kunsi, chifukwa Disembala kuno ndi mvula ndipo dothi lofiira lija likanyowa limaterera. Muzivale pokonzekera kuti zizolowere phazi, pakuti nsapato yatsopano pa tsiku lenilenilo imatulutsa matuza. M'mawa wake idyani phala pang'ono ndi nthochi, kutatsala maola awiri. Nsima mudzadya pobwera.

Tsopano za manyazi zija. Tsiku lathu kunacha ndi mvula yamawawa. Tinali titagula tizipewa tofiira ta Father Christmas, ndipo titanyowa tinayamba kuchucha utoto pamphumi. Panali ophunzira a ku Mzuni amene anatisiya poyambira pomwe, panali azibambo a mimba zawo, panalinso mayi wina amene anayenda mtunda wonse ali ndi mwana kumbuyo. Palibe amene anali ndi nthawi yoyang'ana thupi la mnzake.

Titadutsa kilomita yachitatu, mnzathu wamkulu pa tonsefe, mayi wa zaka zoposa 50, anaima pakati pa chitunda atagwira m'nthiti. Anatiuza kuti, "Pitani inu, ine ndabwerera." Tinali titapangana kunyumba kuti tikayamba asanu tikamalizanso asanu, ndiye tonse tinaima. Mmodzi anamupatsa madzi, wina anamugwira mkono, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Ana amene anabisala mvula pa khonde la golosale anayamba kukuwa m'Chitumbuka, "Chimbirani mama, chimbirani!" Mnzathu uja anaseka misozi ili m'maso, n'kuyambanso kuthamanga. Tinafika m'gulu la omaliza, ndipo anthu amene anatiwombera m'manja anali ochuluka kuposa amene analandira woyamba, chifukwa nthawi imeneyo onse anali atafika kale. Pangananinso chomwecho ndi anzanuwo musananyamuke. Anzanu akakhala oti adzakusiyani m'njira, pezani mmodzi yekha amene adzakhale nanu mpaka kumapeto.

Funso la ndalama ndi limene landisangalatsa kwambiri, ndipo musachite nalo manyazi. Kufunsa si kunyoza okonza mwambo. Afunseni kuti pa ndalama yolembetsera, ingati ikupita ku malaya ndi madzi, ndipo ingati ikupita kwa odwala. Afunseni kuti nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene akupereka ndi ya ndani, ndipo ndi anthu angati amene amaona zolowa ndi zotuluka. Anthu achilungamo mafunso awa amawayankha mosavuta. Wina akapsa mtima, dziwani kuti pali china. Ife tinapemphanso abale athu kuti aliyense alonjeze K1,000 pa kilomita iliyonse, ndipo mayina ndi ndalama tinkalemba m'kope, n'kujambula tsambalo kuika pa gulu lathu la WhatsApp.

Chachikulu, mudzapite nawo tsiku lokapereka. Ambiri akalandira malaya n'kujambulitsa amaona ngati zatha. Ife tinapita, ndipo tinanyamula shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira kukapereka kwa anthu odikirira odwala pa chipatala china muno mumzinda. Awa ndi anthu amene amaiwalika. Amachokera kutali, ena ku Mzimba, ena ku Rumphi, ena ku Chitipa, amagona pansi, ndipo kandalama kamene anabwera nako kamatha wodwala asanachire. Ndikukumbukira gogo wina amene anatiuza kuti watha masabata atatu akudikirira mdzukulu wake. Atalandira sopo sanalankhule kanthu. Anamununkhiza kaye, kenako n'kumumanga pa nsonga ya chitenje ngati ndalama. Pobwerera tonse asanu tinakhala chete mpaka pa Katoto.

Chaka chino tikuthamanganso, ndipo tayamba kale kukonzekera. Timakumana Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka nthawi ya 5:30 m'mawa, kunja kwa Mzuzu Stadium. Mayi anaima pa chitunda uja ndi amene amatidzutsa pa foni masiku ano. Ngati mukufuna oyamba nawo, ndilembereni ku inbox, ndipo Loweruka likubwerali mubwere ndi nsapato zanuzo ndi kabotolo ka madzi.