Thireyi ya jenereta yakakamira

Funso: Ndimakhala ku Texas. Ndinagula galimoto yakale yokhala ndi chipinda chogonamo. Thireyi ya jenereta, yomwe imatuluka kutsogolo ikamakankhidwa ndi pampu ya mafuta (haidiroliki), yakana kusuntha. Nditani?

Yankho: Achimwene, dinani batani lotulutsira thireyi mumvetsere pampu. Ikangoti "tiki" osalira, mwina batire yafooka kapena mawaya achita dzimbiri, poti pampuyi imadya moto kwambiri. Onaninso ngati handibuleki mwakoka, poti pamagalimoto ena thireyi siituluka musanakoke. Pampu ikalira koma thireyi osasuntha, yang'anani mafuta muthanki ya pampuyo. Mapampu ambiri amafuna Dexron, mafuta a giyabokosi ya otomatiki. Kenako gwadani muone njanji zomwe thireyi imayendapo. Matope ouma ndi dzimbiri zimagwira timawilo take. Tsukani bwino, pakani girisi. Chonde musaikankhe ndi jeke, mungapinde silinda yomwe imaikankha. Musalowetsenso dzanja wina ali pabatani, jenereta ya dizilo imatha kulemera makilogalamu pafupifupi 200.